Timapepala ta pa tilu

Ana anga ndi adzukulu anga a ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Highfield, Dzivarasekwa ndi Mbare, pali kanthu kakang'ono kamene ndikufuna tikhalirane pansi, chifukwa ndaona kuti ambiri a inu simukalabadira. Ndikunena timapepala timene amakupatsani pa tilu mukamaliza kulipira m'sitolo. Ena mumangotifinya n'kutiponya pansi musanatuluke n'komwe pakhomo, osayang'ana chimene chalembedwapo. Ena mumatisunga m'chikwama miyezi yathunthu ngati ndalama, mpaka zilembo zonse kufufutika. Nonse mukuluza, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: simunadzifunse kuti kapepalako n'kachiyani, nanga mwini wake ndani.

Kaya akatchule kuti kuponi, vaucha kapena credit note, kapepala ka m'sitolo ndi lonjezo la mwini sitoloyo. Ndalama yeniyeni mungagulire tomato pa Mbare Musika, mungakwerere kombi, mungaponye m'mbale ya chopereka kapena kupereka chipepeso pamaliro. Kapepala ayi. Kamagwira ntchito m'sitolo imene inakalemba, pa katundu amene sitoloyo yasankha, mpaka tsiku limene sitoloyo yaika. Munthu amene wamvetsa zimenezi sakataya, chifukwa lonjezo limalondoledwa. Komanso sakagonera, chifukwa wolonjeza amatha kusintha mawu, mwinanso kutseka chitseko n'kupita.

Ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland tinayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense m'dziko muno, popeza agogo anu anakhala moyo wawo pansi pa mapepala a anthu ena. Ambiri anabwera wapansi, kudzera ku Tete n'kuoloka Zambezi. Ena anabwera pa malole a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa mu 1946 kuti lipezere antchito mafamu a ku Southern Rhodesia. Akafika pafamu ya fodya kapena pamgodi ankapatsidwa tikiti ya masiku 30, ndipo tsiku lililonse kapitawo ankachonga. Ukadwala, tsikulo silichongedwa. Ukalephera kumaliza mgwazo, silichongedwa. Lamulungu siliwerengedwa. Motero mwezi wa tikiti unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba, ndipo malipiro ankabwera pokhapokha tikiti itadzaza. Podikira tsikulo munthu ankadya phoso, ufa, nyemba ndi mchere. China chilichonse, kaya sopo, shuga, bulangete kapena nsalu ya mkazi, ankakatenga pangongole kusitolo ya pafamu pomwepo, pa mtengo umene mwini sitolo wanena, poti sitolo ina inali kutali ndipo kumeneko sakanamukongoza. Tikiti ikadzaza, buku la kusitolo linkayamba kudya, mwini thukuta n'kulandira zotsala. Ena mwa amene kumudzi ankawatcha matchona sanatchone chifukwa chokonda dziko la eni. Ankachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndipo buku la ngongole silinkawamasula.

N'chifukwa chake mabanja amene anapeza nyumba m'malokeshoni a Salisbury, bambo akugwira ntchito ku khonsolo, pa fakitale ya simenti ya pafupi ndi Mabvuku kapena m'makhitchini a ku Highlands, ankanyadira kwambiri kulandira ndalama m'manja kumapeto kwa mwezi. Malipiro anali ochepa, inde, koma munthu ankatha kulowa m'sitolo iyi, kuona mtengo, kutuluka, n'kukalowa ina. Ufulu wotuluka osagula umenewo ndi umene kapepala kalikonse ka pa tilu kamafuna kukuchepetserani pang'ono. Sindikunena kuti eni masitolo a lero ndi amodzi ndi eni mafamu aja. Koma cholinga cha kapepala sichinasinthe: wogula abwerenso pakhomo pomwepa.

Inu obadwa cha m'ma 2005 kupita m'tsogolo simunaone ndi maso anu zimene zinatigwera. Mu 2003 Reserve Bank of Zimbabwe inatulutsa ma bearer cheque, ndalama zimene zinali ndi tsiku lothera mphamvu lolembedwa pamenepo. Mu Ogasiti 2006 anachotsa maziro atatu n'kupatsa anthu milungu itatu yokha kuti asinthe ndalama zakale, ndipo amene anabisa zawo pansi pa matiresi, kapena anali kutali kumafamu, anatsala ndi mapepala. Mu Ogasiti 2008 anachotsa maziro 10, mu Febuluwale 2009 ena 12. Pakatikati pake tinaona pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni, ndipo boma lenilenilo linavomera kuti pofika mu Julayi 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka. M'miyezi imeneyo pepala limene anthu ankalilandira ndi manja awiri linali kuponi ya mafuta a galimoto. Masukulu ena ankalandira fizi m'makuponi a petulo, amalonda ena ankatchula mitengo yawo m'malita. Chifukwa chake n'chosabisika. Kuponi ija inalembedwa m'malita, ndipo malita 20 a lero ndi malita 20 a mawa, pamene madola a m'mawa sankafika madzulo.

Mfundo imeneyi muisunge bwino, idzakuthandizani ngakhale pa tinthu tating'ono. Kapepala kolembedwa katundu, buledi mmodzi kapena malita awiri a mafuta ophikira, kamalimba kuposa kapepala kolembedwa ndalama. Komabe nakonso kali ndi mwini wake. Mu Januwale 2019 boma linakweza mtengo wa petulo kuposa kawiri usiku umodzi, ndipo anthu amene anali ndi makuponi ogula pa mtengo wakale anadandaula kuti m'malo ena omwetsera mafuta ankawathirira malita ochepa kuposa olembedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo.

Tsopano tifike pa kapepala kamene kanatizolowera kwambiri, ka chenji. Kumayambiriro kwa 2009 boma linalola kuti tizigula ndi madola a ku America ndi marand a ku South Africa. Mashelefu amene anali mbee anadzazanso, ndipo tinapuma. Koma madola anabwera a mapepala okhaokha. Ndalama zachitsulo n'zolemera, kuziitanitsa kuchokera kutsidya la nyanja kunali kodula, moti masenti a ku America sanafike okwanira. Ukagula katundu wa madola atatu ndi masenti 60 n'kupereka madola anayi, masenti 40 ako ankabwera ngati maswiti, cholembera, machesi, kapena kapepala kolembedwa kuti sitolo ili nawe ngongole ya masenti 40. Marand achitsulo ankathandiza pang'ono, koma mtengo wake posintha ndi dola unkayendayenda. M'makombi namo kondakitala ankapereka dola imodzi kwa anthu awiri osadziwana kuti akagawane okha akatsika, ndipo mayi wokalamba ankayenda pambuyo pa mnyamata wachilendo mpaka apeze wogulitsa nthochi amene angawaphwanyire.

Zimenezi zinachepa pa 18 Disembala 2014, pamene banki yaikulu, motsogozedwa ndi John Mangudya, inatulutsa ma bond coin a senti imodzi, masenti 5, 10 ndi 25, ndipo ya masenti 50 inatsatira mu Malichi 2015. Mu Novembala 2016 anabwera ma bond note, amene anati ndi ofanana mphamvu ndi dola ya ku America, koma pofika mu Febuluwale 2019 boma linavomereza kuti safanananso. Pa 5 Epulo 2024 inalengezedwa ndalama yatsopano ya ZiG, mapepala ake asanafike m'manja mwa anthu, ndipo kwa milungu ingapo vuto la chenji linabwerera ngati silinachokepo: ulendo wa masenti 50 unkakudyera dola yathunthu. Ngakhale InnBucks imene ambiri muli nayo m'foni inayambira pa vuto lomweli, kampani ya Simbisa, eni Chicken Inn ndi Pizza Inn, ikufuna njira yobwezera chenji kwa makasitomala ake. Ndatchula zaka zimenezi kuti muone kuti kapepala ka chenji si nkhani yakale. Ndalama ya dziko ikangogwedera, iko kamabweranso.

Mwina mukuti, agogo, masenti 30 n'chiyani? Tiyeni tiwerenge. Tinene kuti banja limasiya masenti 30 pa tilu katatu pa mlungu, kaya chifukwa chotaya kapepala kapena kulandira maswiti amene silinawafune. Pa mlungu ndi masenti 90, pa chaka ndi pafupifupi madola 47. Amenewo ndi matumba angapo a ufa a makilogalamu 10, kapena yunifomu ndi nsapato za mwana wa ku pulayimale. Ndiye muganizire kuti kapepala kalikonse kamene katayika, kafufutika kapena kadutsa tsiku, ndalama yake siipita kumwamba. Imatsala m'sitolo. Inu mwaikongoza sitolo ndalama popanda chiwongoladzanja, kenako mwaikhululukira ngongoleyo musanapemphedwe. Mayi amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula masamba ku Mbare kuti apindule masenti 10 pa mtolo sayenera kukhala ndi mwana wochita zimenezi.

Choncho mukapatsidwa kapepala ka chenji, musachoke pa tilu musanakawerenge. Onani ngati kalembedwa m'madola a ku America kapena mu ZiG. Ngati munalipira madola, nakonso kanene madola. Pa 27 Seputembala 2024 ZiG inagwa tsiku limodzi kuchoka pa 14 kufika cha pa 24 pa dola imodzi, ndipo aliyense amene anagona ndi pepala lolembedwa mu ZiG anadzuka litachepa mphamvu pafupifupi ndi theka. Funsaninso ngati kapepalako kamalandiridwa ku nthambi iliyonse ya sitoloyo kapena pokhapo pamene mwakatengera, chifukwa ka m'tauni kakhoza kukanidwa ku Machipisa. Dziwaninso kuti makina a pa tilu salemba ndi inki. Amalemba ndi kutentha pa pepala lopakidwa mankhwala, n'chifukwa chake likakhala padzuwa, pafupi ndi mbaula, m'thumba la thalauza lotuluka thukuta kapena pachifuwa pamene amayi anu amasungira ndalama, zilembo zimazimiririka kapena pepala lonse limada. Lipindeni zilembo zili mkati, liikeni malo ozizira, lijambuleni ndi foni, ndipo likhale loyamba kutuluka ulendo wotsatira. Chabwino koposa ndi kusalola kuti kapepalako kalembedwe n'komwe. Werengerani katundu wanu mukadali pakati pa mashelefu, ndipo ngati pakutsala masenti, onjezerani chinthu chimene nyumba idzachifuna ndithu, mchere, machesi, kandulo. Ngati mukufuna kumalizitsa masentiwo ndi EcoCash kapena khadi, funsani kaye ndalama imene idulidwe, popeza nthawi zina kulipira pa foni ndi pa khadi kumakhala ndi msonkho wake, kuphatikiza pa zimene kampani ya foni kapena banki imadula.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima kuposa masamu onsewa, ndicho manyazi. Ndimaona anyamata ovala bwino, foni yodula m'manja, akuuzidwa kuti pali chenji cha masenti 20, iwo n'kukweza dzanja kuti zisiyeni, maso ali kwa mtsikana amene ali pambuyo pawo pamzere. Ndimaona atsikana ali ndi kuponi yochotsera mtengo m'chikwama, koma akafika pa tilu amaibisa poopa kuti anzawo awaona ngati osauka. Ana anga, manyazi amenewa munawatenga kuti? Si kwa makolo anu. Agogo anu aakazi ankawerenga makobidi pamaso pa mwini sitolo aliyense, kaya ndi mzungu kapena mmwenye, ndipo ndi makobidi amenewo anaphunzitsa ana, anasonkha ku bungwe la maliro, anamanga matchalitchi a CCAP ndi mizikiti imene mukupempheramo lero, n'kutumizanso kangachepe ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi. Ife tinatchedwa mayina ambiri onyoza m'dziko muno, ndipo ena mwa inu munakula chitupa chanu chili ndi chilembo chonena kuti ndinu alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira kuti wobadwira kuno ndi wa kuno. Ndikumvetsa kuti mwana wokulira m'mawu otere amafuna kuonetsa kuti sasowa kanthu. Koma ulemu sugulidwa posiya chenji. Munthu amene mukufuna kumusangalatsa pamzerepo, ngati ali ndi nzeru, akuona mwamuna amene sadzatha kusunga ndalama ya lendi.

Potulutsa kapepala pali kachitidwe kake, ndipo mukakatsata palibe amene mungamuchedwetse. Kakonzeni mukadali pamzere, kakhale m'manja pamodzi ndi ndalama, osati kuyamba kukhuthula chikwama anthu khumi akudikira. Perekani moni, kaya m'Chishona, m'Chingerezi kapena m'chilankhulo chathu, ndipo nenani wa pa tilu asanayambe kudutsitsa katundu: achemwali, ndili ndi kuponi iyi. Makina ambiri amafuna kuti kuchotsera kulowe asanatseke lisiti, ndipo akatseka pamafunika kuitana supavaiza kuti abweze. Maso anu akhale pa galasi loonetsa mitengo, muone ngati mtengo wa pashelefu ndi umene watuluka, ndiponso ngati kuchotserako kwalowadi. Kuponi ikakanidwa, funsani chifukwa chake modekha. Nthawi zambiri mupeza kuti tsiku linadutsa, kapena mwatenga botolo la malita awiri pamene kuponi ikunena la mamililita 750, kapena mtundu wina wa sopo. Musamukalipire mwana wa pa tiluyo. Si iye analemba malamulo, makina akakana iye alibe mphamvu, ndipo m'masitolo ambiri ndalama ikaperewera madzulo amamudula pa malipiro ake. Ndi mwana wa mnzathu wa ku Glen View kapena ku Kambuzuma, waima kuyambira m'mawa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa, pemphani woyang'anira sitolo, ndipo ngati nayenso sakumva, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2019, Consumer Protection Act, komanso bungwe la Consumer Council of Zimbabwe limene limamva madandaulo. Chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi lisiti, lomwe lija mumaliponya pakhomo.

Nanga makuponi ochotsera mtengo, amene mumadula m'nyuzipepala kapena m'timabuku ta malonda, kapena amene amatuluka pansi pa lisiti? Nzeru imeneyi ndi yakale. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 kampani ya Coca-Cola ku Atlanta inayamba kugawa timakadi toti munthu akamwe kapu imodzi mwaulere, ndipo onani pamene chakumwacho chafika lero, mpaka m'kagolosale kalikonse ka ku Epworth. Kapu yaulere ija inali nyambo, ndipo msodzi sataya nyambo chifukwa chokonda nsomba. Zimenezi sizikutanthauza kuti kuponi ndi yoipa. Ngati mafuta ophikira anali kale pa mndandanda wanu, mtundu womwewo, kukula komweko, m'sitolo imene mumapitako kale, ndiye masenti 50 ochotsedwawo ndi anu, atengeni mosangalala. Koma ngati kuponi ndi imene yakudzutsani pakhomo, imani kaye muwerenge. Tinene kuti ikuchotsa masenti 50, koma sitolo yake ili m'tauni, ndipo kombi yochokera ku Tafara kupita ndi kubwera ikudyerani madola awiri. Mwapindula chiyani? Tinene kuti ikuti gulani zitatu mulipire ziwiri, koma ndalama imene mwaonjezera pa chachiwiricho inali ya ndiwo za mawa. Kapena ikuti mukagula katundu wa madola 20 muchotseredwa dola imodzi, inu munabwera ndi mndandanda wa madola 14, ndiye mwayamba kutola mabisiketi ndi zakumwa kuti mufike pa 20. Mwawononga madola asanu amene simunafune kuwononga, n'kutuluka mukumwetulira kuti mwapulumutsa imodzi.

Muzionanso tsiku lothera ntchito pa katundu amene watsitsidwa mtengo, makamaka mkaka, majarini, soseji ndi ufa wa phala la ana. Kawirikawiri chimene chatsitsa mtengo ndi tsikulo. Ngati mudya lero ndi mawa palibe vuto, koma kugula zambiri pamene magetsi amazima tsiku lonse ndipo firiji ili chete ndi kugula zokataya. Ndipo musafanizire mitengo ya mapaketi, fanizirani mtengo wa kilogalamu kapena wa lita. Foni imene mumaonerapo mpira ili ndi kakyuleta.

Mndandanda ulembedwe kunyumba, makuponi asanatsegulidwe. Kenako muone kuti ndi makuponi ati amene akugwirizana ndi mndandandawo. Mukayamba ndi makuponi, ndiye kuti mndandanda wa nyumba yanu walembedwa ndi munthu amene sadziwa kuti mumphika mwanu muli chiyani.

Musaiwalenso kuti sitolo yaikulu si msika wokhawo. M'zaka zapitazi masitolo akuluakulu ankakakamizidwa kutsatira mtengo wa boma wosinthira ndalama, pamene matakishopu a kumunsi kwa tauni ndi a m'malokeshoni ankagulitsa ndi madola okhaokha pa mitengo yotsika, moti nthawi zambiri mtengo wa m'supamaketi, ngakhale atachotsera kuponi, unkaposabe wa patakishopu. Makasitomala anathawa. Kumapeto kwa 2024 Choppies, kampani ya ku Botswana, inalengeza kuti ikuchoka m'dziko muno, ndipo kumayambiriro kwa 2025 kampani ya masitolo a OK inatseka nthambi zingapo, zina za m'malokeshoni mwathu momwemuno. Sindikondwera nazo, chifukwa m'masitolo amenewo munkagwira ntchito ana athu. Koma phunziro lake kwa wosunga timapepala ndi loonekeratu: nthambi ikatsekedwa, kapepala kanu mukayendera nako kuti? Kutakishopu nakonso kuli zake. Kulibe lisiti, katundu wina ndi wachinyengo kapena wopungulidwa, ndipo mukapeza kuti shuga ndi wosakwana sikelo mulibe pogwira. Fanizirani zonse ziwiri, maso ali tcheru.

Mtundu wina wa kuponi ndi wa mpikisano. Palibe wa ku Harare amene sadziwa OK Grand Challenge, imene inayamba mu 1988. Kwa zaka zambiri ogula ankalandira makuponi pa tilu, kulembapo dzina ndi nambala ya chitupa, n'kuponya m'bokosi, ndipo chimake chinkakhala ku Borrowdale Park, kumene kunkakhala mjaha wa akavalo, oimba ndi magalimoto a mphoto ataimikidwa pamzere. TM Pick n Pay nayo yakhala ndi wake, Bargain Bonanza. Anthu amapambanadi, ndipo sindikuletsani kulowa nawo. Ngati kuponi yabwera chifukwa cha shuga amene mukanagula ndi kale, ilembeni bwino, zilembo zooneka, dzina lofanana ndi la pachitupa, nambala ya foni imene ikugwira ntchito, ndipo muiponye m'bokosi tsiku lomwelo. Kuisiya pa tilu n'kupusa, poti mwailipira kale. Chimene ndikukaniza ndi kugula chifukwa cha kuponi. Makuponi amene amalowa m'mabokosi a dziko lonse ndi osawerengeka, magalimoto ndi owerengeka. Ndaona nyumba zimene m'nyengo ya mpikisano zimadzaza ndi sopo wochapira ndi timadziti, pamene ngongole ya madzi ku khonsolo ikukula. Kumeneko sikulinso kugula, ndi juga yovala zovala za golosale, ndipo inu achinyamata muli kale ndi juga yokwanira m'nyumba zobetchera mpira zimene zadzaza pa mashopu athu.

Nyengo ya mipikisano ndi nyengonso ya akuba. Foni idzalira, kapena uthenga udzalowa, wonena kuti mwapambana galimoto kapena golosale ya chaka chonse, koma mutumize kaye madola 20 pa EcoCash a mapepala, kapena munene nambala yachinsinsi imene yangolowa m'foni mwanu. Mpikisano weniweni sulipiritsa wopambana, ndipo palibe wa kusitolo, wa kubanki kapena wa kampani ya foni amene ali ndi chifukwa chofunsira PIN yanu. Dulani foniyo, pitani nokha kusitolo mukafunse. Muwauzenso agogo anu zimenezi, chifukwa akubawo amakonda okalamba amene amakhulupirira aliyense wolankhula mwaulemu. Makuponi ogulitsidwa pakhomo pa sitolo ndi anyamata osadziwika, kapena otumizidwa pa WhatsApp kuti musindikize, asiyeni. Akapezeka abodza, amene wagwidwa nawo m'manja pa tilu ndi inu.

Abale athu kumudzi ali ndi nkhani yawo ya makuponi, ndipo ikutiphunzitsa mbali ina ya chinthu chomwechi. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi ogulira feteleza ndi mbewu pa mtengo wotsika, matumba awiri a makilogalamu 50 pa banja losankhidwa. Kapepala kameneko kanali ndi mphamvu yoposa ndalama zimene mlimi wamba ankagwira miyezi ingapo. Koma kankafika m'nyengo imene nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo mavenda ankazungulira m'midzi ndi ndalama m'manja. Amene anagulitsa kuponi anadya mlungu umodzi kapena iwiri, n'kudzakolola zochepa chaka chonse. Sindiwaweruza, njala ilibe maso. Mu 2020 boma la kumeneko linasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitupa cha unzika m'malo mwa kapepala. Ndakumbutsa zimenezi kuti musaganize kuti uphungu wanga ndi wakuti kapepala kalikonse n'kachabechabe. Kena kamaposa ndalama imene akukuonetsani. Muziyeza kamodzikamodzi, kuona chimene kakulonjeza ndi amene akulonjezayo.

Katsala kanthu kamodzi, kamene kamaswa maubale. Mwana akatumidwa kusitolo, azibwera ndi katundu, lisiti, chenji ndi kapepala kalikonse kamene wapatsidwa, n'kuziika m'manja mwa amene anamutuma. Kumufunsa lisiti si kumuyesa wakuba, ndi kumuphunzitsa kuti ndalama ya wina imafotokozedwa mpaka senti yomaliza. Inunso akuluakulu ake, mukatumidwa ndi agogo amene maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, awerengereni lisitilo mokweza.

Chimodzimodzi m'magulu a chipereganyu amene amayi ndi atsikana ambiri muli nawo, amene mumasonkha chaka chonse kuti mu Disembala mukagule golosale yambiri n'kugawana. Katundu wa madola mazanamazana akamadutsa pa tilu, pamatuluka kuchotsera kwakukulu, mavaucha, mwinanso mulu wa makuponi a mpikisano. Zonsezo ndi za gulu, si za amayi awiri kapena atatu amene anatumidwa kukagula. Ndaona magulu amene anayenda bwino zaka zambiri akupasuka chifukwa cha vaucha imene wina anaiika m'chikwama chake poganiza kuti ndi malipiro a kutopa kwake. Ngati otumidwa ayenera kuthokozedwa, gulu linene poyera kuti awapatsa zingati za kombi ndi chakudya chamasana. Za makuponi a mpikisano gwirizanani mu Januwale, pamene mukuyamba kusonkha, mphoto isanaoneke: adzalembedwa m'dzina la yani, kapena adzagawidwa motani pakati pa mamembala, ndipo chinthu chikapambanidwa chidzagulitsidwa n'kugawana kapena ayi. Mlembi alembe zimenezi m'buku la gulu, aliyense asayine, ndipo tsiku logula malisiti onse amatidwe pa tsamba lomwelo asanafufutike.